Magalasi Pansi pa Pilo

Zaka makumi awiri ndi zitatu akufufuza ngozi za galimoto m'kampani ya inshuwaransi, a Tepi anali atamva bodza limodzi lokha. Linkangosintha malaya. Mwana watenga laisensi dzulodzulo, wabwereka galimoto ya pakhomo, wakagunda mpanda wa eni. M'mawa mwake bambo ake afika pa ofesi thukuta lili kamukamu, kulumbira kuti pachiwongolero panali iwo. Chifukwa chake n'chodziwika. Pepala la inshuwaransi limateteza okhawo amene mayina awo analembedwapo. Dalaivala watsopano, ngati sanamulembetse, kampani simudziwa.

Fayilo imene anaipeza patebulo Lachisanu m'mawa inali yozondoka.

"Iyi ndiye mphatso, madala," anatero bwana wawo, mnyamata wa tayi yofiira amene a Tepi anamuphunzitsa okha ntchito asanawadumphe n'kukakhala pampando wozungulira. "Mwamuna wabwera yekha, wanena yekha kuti ankayendetsa ndi mkazi wake. Laisensi ya masabata atatu, dzina papepala palibe. Sitilipira. Sainani apa titseke."

A Tepi anawerenga ali chilili. Lachinayi, 12 koloko masana itangodutsa, galimoto yoyera inagunda kanyumba ka wometa pakona ya msewu, n'kumuthyola mwendo mwini wake, n'kuthawa. Munthu amene ankametedwa analemba nambala pachikhatho. Galimotoyo inali ya mkulu wina wopuma pantchito. Papepala panali mayina awiri: mkuluyo, ndi mwana wake wamwamuna wogulitsa zitsulo. Mkazi wa mwanayo apolisi anali atamuuza kuti Lolemba 9 koloko akaonekere, laisensi ili m'manja. Milandu yake inali itatu: kuyendetsa popanda inshuwaransi, kuvulaza munthu, ndi kuthawa.

"Akanati ndi iyeyo, tikanalipira," anatero a Tepi.

"Ndiye ndikuti mwamuna wachilungamo. Atsala ochepa."

"Ndikaone galimoto."

"Mukaonenso chiyani, madala?"

"Galimoto."

Anatola tepi yawo yoyezera, imene inawapatsa dzinalo, n'kutuluka. Munthu wonamiza kampani ankamudziwa kuyambira pamayendedwe. Koma munthu wodzitenthera thumba lake yekha anali asanamuonepo.

*

Nyumba ya mwini galimotoyo inali kumapeto kwa kamsewu kopanda phula. Galimoto inaima m'kampata pakati pa khoma la nyumba ndi mpanda wa njerwa, mphuno italoza kugeti, kumbuyo kutatsala pang'ono kukhudza thanki ya madzi. A Tepi anakoka tepi. Geti linali lothina. Galimoto ikamadutsa, mbali iliyonse pankatsala zala zinayi. Pachipilala chimodzi panali kachipsera ka penti yoyera, kakale ndithu, fumbi litakwirira.

Wogulitsa zitsulo anatuluka m'nyumba atavala jekete, dzuwa likuswa mtengo.

"Kachipsera ako ndi ntchito yake yomweyo," anatero moni usanathe. "Sabata yoyamba imeneyo. Ndinanena ine kuti zinthu izi n'zosathamangira. Onani nokha, bwana. Sindinalole munthu kukhudza kanthu. Mmene anaisiyira Lachinayi ndi momwemu."

Chitseko cha dalaivala chinali chopindika, zenera lake lophwanyika. Mpando unali utakankhidwira kutsogolo mpaka mapeto. Pampandopo panali pilo ya maluwa, ndipo pansi panali nsapato zachikazi zafulati.

"Ine ndingakwane apo? Mawondo angalowe m'kamwa."

A Tepi anagwada. Ananyamula pilo. Pamwamba pake panali poyera. Pansi pake, pampando, tizidutswa ta galasi tinali mbwee ngati mchere wotayika. Anasuzumira kunsi kwa mpando. M'njanji mmene mpando umatsetsereka munali ufa woyera wonyezimira. Anabwezera pilo pamalo pake.

"Umboni wina uwu." Mwamunayo anatulutsa kabuku ka chikuto chakuda m'thumba la jekete, ndi dzanja lamanzere. "Ndimalemba makilomita m'mawa ndi madzulo. Lachinayi m'mawa, awa. Madzulo, awa. Khumi ndi anayi. Ine tsiku lonse ndinali kusitolo."

Kumapeto kwa kabukuko kunkasuzumira nsonga ya pepala lachikasu. A Tepi anaiona, n'kuyang'ana kumbali.

"Munayamba liti kulemba?"

"Tsiku limene anayamba sukulu yoyendetsa galimoto."

"Pofuna kuona mafuta?"

"Mafuta, eya." Anatseka kabukuko. Kenako anasendera pafupi. "Muli pabanja, bwana?"

"Anamwalira."

"Pepani. Komabe mukudziwa. Mkazi amene ankakudikira pageti la kuntchito kuti ukamutenge, lero akuti ndipita ndekha. Miyezi itatu m'galimoto ndi mwamuna wina, magalasi otseka, dzanja lake pagiya, la winayo pomwepo. Akabwera kunyumba nyimbo ndi imodzi: aphunzitsi akuti, aphunzitsi akuti. Ine zaka khumi ndi zisanu ndili pachiwongolero, sanandifunsepo kuti giya iyi ndi yachiyani."

"Bwanji simunamulembetse kwathu?"

"Fomu inasowa."

"Mukudziwa kuti sitilipira? Galimoto, kanyumba, mwendo wa wometa, zonse zigwera pakhomo pano."

"Zigwe. Chilungamo sichiona nkhope. Amulande laisensiyo asanaphe munthu."

Foni yake inalira, ndipo anapita kukayankhira kumsewu.

Pakhonde panakhala mwini galimoto, nkhalamba yamaso a ng'ala, kawailesi kali pamwendo.

"Ndinu a inshuwaransi? Senderani kuno. Ine ndimaona ndi makutu."

"Galimotoyi ndi yanu, bambo?"

"Papepala ndi yanga. Ndinaigula nditapuma ntchito, chaka chotsatira maso nawo n'kupuma. Kuyambira pamenepo ndimangoimvera."

"Lachinayi masana munali pano?"

"Ndipita kuti? Ndinaimva ikutuluka cha m'ma 11, ndinaimva ikulowa 1 koloko isanakwane. Wotchi yanga ndi wailesiyi."

"Woyendetsa munamuona?"

"Mukunditonza eti?" Nkhalambayo inaseka, kenako kuseka kunaduka. "Apongozi anga aja ndi munthu. Amandidontheza mankhwala m'maso m'mawa uliwonse, mwana wanga womubala ndekha sadziwa n'komwe botolo limakhala. Akamalowa pageti apa, amalowa chamutu, pang'onopang'ono, injini kuzima kawiri. Ndiye amakuwa kuti, bambo, tandionereni mbali iyo! Ine wakhungu ndiwaonere geti! Timaseka tonse."

Nsapato za mwana wawo zinamveka zikubwerera. Nkhalambayo inakweza wailesi, n'kutsitsa mawu.

"Lachinayi sanandiitane."

*

A Tepi anamupeza mkaziyo kuntchito kwake, kumalo ophikira buledi, kuseri pakati pa matumba a ufa. Anali wamfupi, wa nkhope yowauka ndi moto. Manja a malaya anali atawapinda mpaka m'mapewa. Mikono inali yoyera ndi ufa, yopanda bala ngakhale kakang'ono.

"Sindinayendetse ine. Galimoto ija ndinaikhudza komaliza Lamlungu."

"Pilo ndi nsapato?"

"Ndi zanga. Zimakhala m'buti."

"Amuna anu akuti ndinu."

"Ndamva." Anapukuta manja pa epuloni, ngakhale panalibe chopukuta. "Ananena pamaso pa apolisi, osaphethira. Akuti ndisawonjezere bodza pamwamba pa ngozi. Mpaka ine mwini ndinayamba kudzifunsa ngati mutu wanga uli bwino."

Analoza pabwalo, pamene panaima vani yonyamula buledi.

"Mukuiona iyo? Woyendetsa wake akupuma mwezi wamawa. Abwana anati ndikakhala ndi laisensi yopanda banga andichotsa pauvuni. Zaka zisanu ndi zinayi ndikupsa nkhope, bambo."

"Fomu yathu munalemba?"

"Tsiku lomwe ndinatenga laisensi. Apongozi anasaina ine nditawagwira dzanja. Bambo akunyumba anati akasiya ku ofesi kwanu. Madzulo anandiuza kuti zatheka."

"Sinafike."

Mkaziyo anagwira thumba la ufa. A Tepi anamudikira.

"Lachinayi 12 koloko munali kuti?"

"Kumsika."

"Munagula chiyani?"

Mkaziyo anayang'ana kumbali.

"Woyang'anira wanu akuti Lachiwiri ndi Lachinayi masana mumasowa maola awiri."

"Bambo, ndikanena kumene ndinali, banja langa latha."

"Mukapanda kunena, Lolemba laisensi yatha. Mwinanso ndende."

"Ndiye mundisankhire inuyo."

Belu la uvuni linalira m'katimo. Mkaziyo anatembenuka n'kulowa, osatsanzika.

*

A Tepi anamupeza wometa uja Loweruka m'mawa m'chipatala, mwendo uli m'chikhakha, pakamwa pali bwinobwino.

"Nkhope ya dalaivala? Akulu, ine ndimaona mitu cham'mbuyo, ndiyo ntchito yanga. Ndili pakati pa mutu wa kasitomala, ndangomva phuu! Denga pamsana, galasi langa lalikulu zidutswa zokhazokha. Kasitomala uja mpaka lero akuyenda ndi theka la mutu. Akuti adikira ndichire, wina samukhudza. Ndiye mundiuze, chikhakhachi amachotsa liti? Munthuyo ali ndi ukwati wa mng'ono wake."

"Galimotoyo munaionapo kale?"

"Imene ija? Ndi kasitomala wanga wosameta. Masabata awiri tsopano. Lachiwiri ndi Lachinayi masana imaima pansi pa mtengo kuseri kwa kanyumba kanga. Magalasi akuda, otseka, injini yozimitsa, kutentha konseku. Munthu satsika. Ine ndinkati ndi apolisi obisala, mpaka wailesi ndinkachepetsa."

"Lachinayi zinatani?"

"Inanyamuka ngati yalumidwa ndi mavu. Matayala kulira, kona n'kuikanika. Zotsalazo ndi izi mukuzionazi."

"Munthu akakhala pamtengopo amaona chiyani?"

"Palibe chosangalatsa, akulu. Bwalo la fumbi tsidya la msewu, migolo, ndi a Kilachi akukalipira ophunzira awo."

"A Kilachi ndani?"

"Aphunzitsi a galimoto, nanga!"

*

A Kilachi anali bambo wamimba, wadazi, wa mawu ngati hutala ya lole. Tsiku lonse ankakuwa mawu amodzi omwewo kwa ophunzira, akuti ponda kilachi, ponda kilachi, mpaka anasanduka dzina lawo.

"Mayi wa buledi? Wophunzira wanga wabwino kuposa onse chaka chino! Mayeso kamodzi n'kamodzi. Ndiye patha sabata ndikumuona wabweranso, maso ofiira. Akuti wakanda geti. Akuti amuna ake amuseka pamaso pa anzawo, ati mkazi wosatha kulowetsa galimoto cham'mbuyo laisensi anaigula ndi kumwetulira. Mwamva mawu amenewo? Ine ndinati mayi, pamayeso munadutsa, migolo ija munailemekeza. Iye akuti ya pamayeso ndi yotalikirana. Ndiye ananditulutsira ichi."

Anatsegula kabati ya m'galimoto yophunzitsira n'kutulutsa chingwe choyanikira zovala, chokhala ndi mfundo ziwiri.

"Akuti ili ndilo geti la kwathu. Muziika migolo kuchokera mfundo iyi kufika iyi."

A Tepi anayala chingwecho pansi n'kukoka tepi. Anatsegula kabuku kawo, pamene analemba muyeso wa geti dzulo lake. Manambala anali amodzimodzi.

"Masabata awiri migolo yanga yaona zakuda," anapitiriza a Kilachi. "Taonani mmene yapindikira, ngati yamenyedwa ndi apongozi. Koma Lachinayi, bwana wanga, Lachinayi! Wabwerera bwinobwino, myaa, osakhudza uku, osakhudza uku. Anatuluka m'galimoto n'kudumpha ngati kamwana, kuseka, mpaka tinaombana m'manja onse awiri. Tili pomwepo tikumva phuu kukona uko. Ine ndinati ameneyo abwere kusukulu kwanga."

"Iye anaona galimoto imene yagunda?"

"Aone bwanji? Kona yake ndi yobisika. Tinapitiriza mpaka 1 koloko. Siginecha yake iyi, nthawi yolowa, nthawi yotuluka."

"Amuna ake akudziwa kuti amabwera kuno?"

"Anandipempha ndisanene. Akuti kunyumba anamuletsa kupondanso pano. Ine ndinaseka. Mkazi ndili naye, ana asanu, dazi ili ndi mimba iyi. Angandichitire nsanje ine ndani?"

A Tepi anayang'ana tsidya la msewu. Mtengo unali pomwepo, ndi malata a kanyumba ka wometa ataunjikidwa pambali. Kuchokera pamthunzipo bwalo lonse linkaoneka ngati pachikhatho.

"Alipo," anatero. "Ndibwerekeni chingwechi."

*

Loweruka lomwelo masana anawapeza onse atatu pakhomo. Nkhalamba inali pakhonde ndi wailesi yake. Mkazi anali kuchapa mbale kumpopi, atafulatira aliyense. Wogulitsa zitsulo anatuluka ndi jekete yomwe ija.

"Mwabwera kudzatseka fayilo, bwana?"

"Eya. Vulani jekete."

"Mwati chiyani?"

"Kukutentha."

Mwamunayo anaseka ndi mano okha. "Ndili ndi kachimfine."

A Tepi sanalimbane naye. Anatsegula chitseko chopindika chija n'kunyamula pilo. Madzi a pampopi anasiya kulira.

"Zenera likaphwanyika, magalasi amagwera pamwamba pa zimene zilipo. Pilo iyi pamwamba ilibe n'kamodzi komwe. Onse ali pansi pake. Inabwera magalasi atagwa kale. Mpando nawo unakankhidwa ngozi itachitika, n'chifukwa chake wapera magalasi m'njanji. Amene anali pachiwongolero ndi wamiyendo yaitali, ndipo mkono wake wa kuzenera uli ndi mabala. Mayi awa mikono yawo ndaiona."

"Zongoganiza izo."

"Palinso china."

Analoza mphuno ya galimoto, imene inkayang'ana kugeti.

"Munakumbukira mpando. Munakumbukira pilo ndi nsapato. Koma manja anu anachita zimene akhala akuchita zaka khumi ndi zisanu. Munailowetsa cham'mbuyo. Zala zinayi uku, zala zinayi uku, munthu mutamusiya pansi pa malata, mtima ukuthamanga. Kamodzi n'kamodzi, injini osazima. Mayi awa salowa cham'mbuyo. Satha."

"Amatha!" Mawuwo anatuluka ngati aphulika. "Musamuone kufatsa ameneyu, amatha bwinobwino! Ndinamuona ndi maso anga awa Lachinayi, akulowa pakati pa migolo osakhudza n'umodzi womwe, kenako n'kudumphira chimkulu chake chadazi chija!"

"Munamuona muli pati?"

Nkhalamba inazimitsa wailesi.

Mkaziyo anabwera pang'onopang'ono, manja akudontha madzi.

"Munali kumeneko? Inuyo?"

Mwamunayo anayang'ana kugeti, kenako kuthanki, ngati akufuna potulukira. Atasowa, anamutembenukira mkazi wake.

"Unkaseka," anatero, mawu atasasa. "Unkaseka mano onse panja, mutu kumbuyo. Ine unasiya liti kundisekera choncho? Masabata awiri ndikuwauka m'galimoto muja, ndikukuona ukutsika minibasi, ukukonza mpango usanawoloke msewu. Kukonzera ndani mpango? Ndinakuletsa ine kumeneko. Ndiye ndikuone ukuombana naye m'manja, anthu akuona? Ukatenga vani ija ndiye uzisekera angati? Sitolo iliyonse mwamuna wake, tsiku ndi tsiku, ine ndili kuseri kwa misomali!"

"Ndiye munati bola ndimangidwe?"

"Sakanakumanga. Akanangokulanda kapepalako. Ukanabwerera mmene unalili, ine n'kumakutenga kuntchito ngati kale. Chinalakwika n'chiyani kale lija?"

Mkaziyo anaona chingwe chikulendewera m'thumba la a Tepi, n'kuchizindikira. Anachisolola yekha. Anapita pageti, anagwiriza mfundo imodzi pachipilala chokandika chija, n'kutambasula chingwe mpaka chipilala china. Mfundo yachiwiri inafika ndendende.

"Ndinkasekera geti ili," anatero. "Ndinaliyeza inu muli kusitolo. Migolo ija inali geti lanu lomweli. Ndinkati Lachinayi madzulo, mukaweruka, ndikuuzeni kuti imani apo. Ndiitulutse, ndiilowetse cham'mbuyo inu mukuona. Ndinkafuna muone inuyo."

A Tepi anaweramira tepi yawo n'kuyamba kuipinda, ngakhale inali yopinda kale. Malemu akazi awo nawo ankapempha kuphunzira galimoto. Iwo ankati chaka chamawa, chaka chamawa, mpaka chaka chamawa chinawapeza ali okha. Anamuyang'ana mwamuna wa jekete uja, ndipo chimene chinawagwira pachifuwa sichinali chisoni. Munthu ali ndi mkazi wamoyo, womuyezera geti ndi chingwe choyanikira zovala, iye n'kumawerenga makilomita.

"Vula jeketeyo, mwana iwe," inatero nkhalamba pakhonde. "Kuyambira Lachinayi ndikumva fungo la mankhwala a mabala ukamadutsa. Ndimati mwina ulankhula wekha. Ndinabala munthu wamanyazi, ndimatero. Kani ndinabala wowerenga mapazi a mkazi."

Jekete inatsika movutikira. Mkono wamanja unali wokulungidwa ndi bandeji kuyambira pachigongono kufika pamfundo ya dzanja, magazi ouma ataboola malo atatu.

"Pepala lachikasu lili m'kabuku kanu," anatero a Tepi. "Ndi lathu. Ndipatseni."

Inali fomu ija, yopindidwa kanayi. Dzina la mkazi linalembedwa ndi zilembo zozungulira bwino, ndipo m'munsi munali siginecha ya nkhalamba, yokhotakhota, yotuluka pamzere. A Tepi anaiwongola pachikhatho n'kuiika m'fayilo.

"Dzina lanu lili papepala, ndiye wometa kampani imuona. Za kuthawa ndi kunamiza apolisi mukayankha nokha Lolemba. Lipoti langa likakhala litafika kale."

Anadziwa kuti mnyamata wa tayi yofiira sagona nazo bwino zimenezi. Sizinawadetse nkhawa.

Nkhalamba inapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa kiyi wachiwiri wa galimoto, womangidwa pakachingwe ka nsapato. Inatambasula dzanja kulunjika kumene kunkamveka mpweya wa mpongozi wake.

"Mayi, tengani. Galimoto ndi yanga, ndipo ndanena ndine. Zoti mukhala kapena muchoka, mtima ndi wanu, sindilowererapo. Koma uyu ndi mkono umenewo sayendetsa. Lolemba mukamutule kupolisi."

Mkaziyo analandira ndi manja awiri. Iye sanamuyang'ane mwamuna wake. Anayang'ana a Tepi.

"Osati lero," anatero a Tepi. "Kapena mawa. Musailize n'komwe. Ofesi imatsegula 8 koloko Lolemba. Ikamakwana hafu, dzina lanu likhala litalowa. Ndidzakuimbirani ndekha."

"Apolisi anati 9 koloko."

"Mukafika."

Wogulitsa zitsulo anali atakhala pansi pafupi ndi tayala, jekete ili pamawondo. Kenako anadzuka ngati munthu wofuna kukonza kanthu kalikonse, n'kuweramira m'galimoto. Dzanja lake lamanzere linkafufuza kachitsulo kobwezera mpando m'mbuyo.

A Tepi anaima pageti n'kucheuka.

"Magalasi okhawo sesani," anatero. "Mpandowo usiyeni. Munauika kale pamalo pake."